Mabokosi a Mayi Nankafumbwe Adikira Denga

Malemu amene agona patsogolo pathupa anabadwa pa 14 Malichi 1961, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Anali oyamba m'banja la ana asanu, ndipo ine amene ndapatsidwa mbiriyi ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo. Bambo athu anali mlonda pa depoti ya mbewu, mayi athu ankagulitsa nyemba pafupi ndi geti la msikawo. Ntchito ya mwana woyamba inali yosankha nyemba zofumbwa. Ana anzawo akapeza nankafumbwe ankangomutswanya ndi chala, koma achemwali athuwa ankamuika m'botolo n'kukhala naye pakhonde, kumuyang'anitsitsa ngati wawabweretsera uthenga. Mayi anakalipa mpaka pakamwa panauma, kenako anangowatcha Nankafumbwe. Dzinalo anakula nalo, anakalamba nalo, ndipo ophunzira awo ambiri mwabwera panonu simudziwa lina.

Ndisanapite patali, ndinene chimene chatikhala pamtima. Dzana, thupi lisanatuluke n'komwe kuchipatala, pakhomo pano panafika nthumwi za kuyunivesite kumene malemu anagwira ntchito, zitanyamula nkhata ya maluwa yaikulu ngati tayala la thalakitala. Zitapepesa mwachidule, zinapempha zinthu ziwiri. Choyamba, kuti tibweze mabokosi a tizilombo amene ali m'nyumbamu. Chachiwiri, kuti tilole dzina la malemu lilembedwe pa nyumba yatsopano ya kafukufuku imene akuti amanga. Alamu athu, amuna a malemu, anayankha kuti banja linena maganizo ake pa mbiri, anthu onse akumva. Choncho mabwana amene mwakhala pa mipando yawofuwofu kutsogoloku, khazikikani, yankho lanu lili kumapeto. Kudikira munatiphunzitsa ndinu.

Malemu anayamba sukulu ya pulayimale mu 1968, nasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana mu 1976. Mu 1980 analowa yunivesite, woyamba m'fuko lathu lonse, ndipo mayi anatseka benchi lawo la nyemba tsiku lathunthu kuti akawaperekeze, chinthu chimene sanachitepo ngakhale akudwala. Anamaliza mu 1984, ndipo pa 2 Seputembala 1985 yunivesite yomweyo inawalemba ntchito yophunzitsa za tizilombo toononga mbewu. Anawapatsa chipinda m'nyumba yakale ya labotale, cha mawindo aatali, mabenchi a simenti ndi sinki yothimbirira. Sichinali chokongola, koma chinali chouma.

Ena mwakhala mukufunsana kuti munthu wophunzira chonchi ankatani ndi ziwala zakufa. Ndifotokoze. Malemu ankayenda m'minda ndi m'nkhokwe kugwira tizilombo, n'kutiumitsa, n'kutibaya pa kapini, kalikonse ndi kapepala kake konena kumene kanapezeka, n'kutiika m'bokosi lophwatalala la chivundikiro cha galasi. Mlangizi wa zaulimi akabwera ndi kachilombo m'kabokosi ka machesi kuti alimi akulira nako, ankakayerekeza ndi ta m'mabokosimo, n'kumuuza kuti ndi kachilombo kanji, kamaswana liti, kamafa ndi chiyani. Ophunzira ankaphunziranso pomwepo, ndi maso awo, osati pa chithunzi cha m'buku. Mabokosi oterewa adani ake ndi awiri okha, chinyezi ndi nyerere. Safuna kapeti, safuna maluwa pakhomo. Amafuna denga losadontha basi.

Mu 1986 malemu anaitana kalipentala wina kuti awakhomere mabokosi oterewa. Bokosi loyamba analibweza ati chivundikiro chikulowetsa mpweya. Lachiwiri analibweza, lachitatunso chimodzimodzi. Munthu wina akanatukwana n'kutenga macheka ake. Kalipentalayu anabweranso kachinayi atasita malaya, tsitsi atapesa, ndipo ife kunyumba tinadziwa kuti nkhani yasiya kukhala ya matabwa. Anamanga ukwati pa 20 Ogasiti 1988, ndipo kalipentalayo ndi alamu athu amene akhala apowa. Bokosi lililonse lili m'nyumbamu linatuluka m'manja mwawo.

Kuyambira 1993 mpaka 1997 malemu anali kunja kwa dziko kukachita maphunziro a udokotala, alamu atatsala ndi ana. Kumeneko anawanyengerera kuti akhale, koma anakana, ati tizilombo tawo tili kwawo. Ine ndinawauza poyera kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Anangoseka, n'kundituma kukawagulira mapini.

Tsono tafika pa chaka cha 2004, pamene yunivesite inalengeza pulani yake yotchuka ija. Anati amanga nyumba yosanja ya kafukufuku, akonzanso nyumba zakale zophunzitsiramo kuti zikhale ngati zatsopano. Anakhazikitsa komiti, wapampando wake mkulu woyang'anira zomangamanga, amene ophunzira anamutcha a Posachedwapa, chifukwa ukawafunsa chilichonse, ngakhale nthawi, yankho linali lomwelo. Ndikuwaona abwera, ndipo tawalandira. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga. Kumeneko mitu inadzaza tebulo lonse, inadya, inamwa, inapita kumisonkhano ya kumahotela, koma denga silinasenzedwe ndi kale lomwe.

Chimene anamanga msanga ndi kanyumba kachitsanzo, ka makatoni, kokhala ndi timitengo ta pulasitiki ndi tianthu tikuyenda pakhomo titanyamula timabuku. Anakaika m'bokosi lagalasi m'chipinda cholandirira alendo cha mkulu wa yunivesite, momwe muli makina oziziritsa mpweya, ndipo panali munthu wokapukuta fumbi m'mawa uliwonse. Ine ndinakaona ndi maso angawa. M'yunivesite monsemo, nyumba imene inasamalidwa bwino koposa ndi imeneyo. Mu 2006 anaika mwala wa maziko pa bwalo la kuseri kwa laibulale, ndi matenti, oimba malipenga ndi fosholo yomangidwa riboni. Tenti itachoka udzu unabwerera, ndipo chikwangwani anachisandutsa choyanikapo zovala anyamata a m'mahositelo.

Koma kupusa kwenikweni kunali m'lamulo limene komitiyo inaika, ndipo ndikupempha mulimvetse bwino chifukwa ndi limene latisonkhanitsa pano. Anati nyumba iliyonse imene yalowa mu pulani isakhudzidwenso. Windo likasweka lisaikidwe, lata likaboola lisamatidwe, chifukwa kutero n'kutaya chuma pa chinthu chimene chikonzedwe posachedwapa. Kuyambira tsiku limenelo, nyumba ikangolembedwa kuti ikonzedwa, imeneyo inali imfa yake.

Mu 2008 malemu anapeza kachikumbu kakang'ono kofiirira m'nkhokwe ina yakale ya nandolo. Anafufuza m'mabuku onse, anafunsa anzawo a kunja, ndipo zinaoneka kuti kachilomboka palibe anakalembapo. Mwambo wa ntchito yawo ndi woti wopeza ndiye amatcha dzina, ndipo dzinalo limakhala m'mabuku mpaka kalekale. Malemu anatiitana tonse n'kutiuza kuti akatcha dzina la mayi athu, amene anatisiya mu 1999, mayi amene sankatha kulemba ngakhale dzina lawo lomwe koma anaphunzitsa mwana ndi nyemba. Tsiku limenelo tinalira ndi chimwemwe, sindikubisa. Chinatsala n'choti kachilomboko kajambulidwe bwinobwino pa maikulosikopu yamphamvu. Maikulosikopuyo inagulidwa mu 2010, inafika, koma a Posachedwapa analamula kuti isatsegulidwe m'kreti mwake chifukwa inagulidwira nyumba yatsopano. Malemu anapempha kuti angoibwereka sabata imodzi. Anawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikunena pano kretiyo ikadali yokhomera, ndipo amene amadziwa zinthuzi akuti makinawo anatha kale ntchito.

Mu Epulo 2011 anawauza kuti atuluke m'labotale kwa miyezi yochepa, kukonza kuyambike. Anawasamutsira m'galaja momwe kale munkagona basi ya yunivesite. Inu amene munaphunziramo mukuidziwa. Mulibe windo, chitseko ndi chachitsulo chokoka, pansi pali mafuta akuda osachoka, ndipo fungo la dizilo linasakanikirana ndi la mankhwala otetezera tizilombo mpaka maso kuwawa. Kulabotale kuja kontilakitala anafika, anasasula theka la denga, anaimika mitengo yokwerapo, n'kusowa ngati mame. Mitengoyo inadyedwa ndi chiswe ili chiimire, ndipo pa benchi pamene malemu ankaphunzitsira panamera papaya amene anabereka ndithu.

Galajayo inkadontha. Malemu ananena, ananenanso, mpaka alembi a muofesi ya zomangamanga ankati akawaona akubwera n'kuyamba kuyankhula pa foni yosaitana. Loweruka lina mu 2013 alamu athu anatopa nazo. Anatenga makwerero awo, malata awiri ogula okha ndi misomali, n'kukwera padenga. Asanakhome msomali wachitatu, alonda anawatsitsa ngati wakuba. Lolemba malemu anaitanidwa kukadzudzulidwa. Anauzidwa kuti galajayo ili mu pulani, idzagumulidwa kuti pakhale poimika magalimoto a nyumba yatsopano, choncho kuikonza n'kusokoneza dongosolo. Malata awiri aja anawalanda ngati umboni, ndipo sitinawaonenso.

Mu Januwale 2015, nthawi ya tchuthi, kunagwa mvula ija mukuikumbukira nonse. Lamulo linanso linkati pa tchuthi makiyi onse akhale kuofesi ya zomangamanga. Malemu anapita kukapempha kiyi, anapeza wosunga makiyi ali kutchuthi nayenso. Anayendera ofesiyo mpaka nsapato kutha, ndipo pamene chitseko chinatsegulidwa, madzi anali m'mapazi, makoma atabiriwira. Mabokosi a m'mashelefu a pansi anali atafufuma, magalasi atachita chifunga, mkati muli chuku chokhachokha. Pafupifupi theka la ntchito ya zaka makumi atatu linasanduka phala. Bokosi la kachikumbu ka mayi athu linali pakati pa amenewo. Alamu akuti malemu sanalire. Achemwaliwo anakhala pa tayala lakale limene linali pakona, bokosilo lili pamiyendo, akutokosa ndi kapini kuti mwina apezamo phiko limodzi. A Posachedwapa anabwera ndi ambulera, anaima pakhomo kuopa kunyowetsa nsapato, n'kunena kuti izi zikuonetsa poyera kuti nyumba yatsopano ikufunika. Kenako anatulutsa foni n'kujambula chithunzi choti akaonetse opereka thandizo. Chithunzi chimenecho chinatuluka m'kabuku kawo konyezimira, achemwali athu ali pa tayala, osawapempha n'komwe.

Kachikumbu kaja anakafunafuna zaka zambiri. Nkhokwe ija inali itaphwasulidwa, ndipo kwina konse kumene anayenda sikanapezeke. Madzi akatayika saoleka. Dzina la mayi athu linathera m'galaja.

Sabata yomweyo malemu anabwereka lole ya mnzawo wa alamu n'kusamutsira kuno mabokosi onse otsala. Ayunivesite anati uku ndi kuba katundu wa sukulu, ndipo anakhazikitsa komiti yofufuza nkhaniyo. Tikuthokoza Mulungu kuti komitiyo inali ya mtundu womwewo, mpaka lero sinakumanepo. Mabokosiwo analowa m'chipinda cha ana, kuyambira pansi mpaka kudenga, moti zidzukulu zikabwera zimagona pabalaza. Nyumba yonse imanunkha mankhwala a njenjete, ndipo alendo ena ankaganiza kuti pakhomo pano pali wodwala. Ophunzira anayamba kubwera kuno, kukhala pakhonde ilo mwatsamirapolo, bokosi pakati, malemu akuloza ndi pensulo. Alangizi nawonso ankabwera ndi timabokosi tawo ta machesi. Yunivesite inkapereka madigiri, koma kalasi inali khonde la kalipentala, ndipo tiyi ankagula ndi alamu.

Mu 2019 kunabwera mkulu wina watsopano wa yunivesite. Iyeyu sakanatha kumanga pa mwala wolembedwa dzina la mnzake, choncho anaika mwala wake pambali pa woyamba uja, tenti ndi malipenga zonse mwatsopano. Kanyumba ka makatoni anakapanganso, ndipo ulendo uno kanakula ndi nsanjika imodzi. Malemu anauzidwa kuti abwere atavala gauni loyera la m'labotale kuti chithunzi chioneke cha sayansi. Anayankha kuti ali ndi kalasi, ndipo analidi nayo, pakhonde pano.

Anapuma pa ntchito pa 31 Malichi 2021. Pa mwambo wotsanzikana anawapatsa mphatso yokutidwa bwino. Atafika kunyumba n'kutsegula, anapeza ndi chithunzi cha nyumba yosamangidwa ija, chili mu felemu. Anachiyang'ana pang'ono n'kupatsa alamu, amene anachotsa galasilo n'kulidula kukhala chivundikiro cha bokosi. Pa zaka zonsezi, phindu limene tizilombo tinapeza pa pulani ya yunivesite ndi galasi limenelo.

Chifuwa chinawayamba akadali m'galaja muja. Poyamba ankati ndi chimfine, kenako anayamba kubanika akakwera kamtunda ka kumsika. Madokotala atawaunika anati mapapo anaonongeka ndi chuku komanso mpweya wa mankhwala m'chipinda chosalowa mphepo. Ife sitikuloza chala munthu. Imfa mwini wake ndi Mulungu. Koma galaja ija sanawaikemo ndi Mulungu. Mu 2023 matenda anakula, ndipo ankaphunzitsa atakhala pampando, mawu akutuluka pang'onopang'ono, ophunzira atasendera pafupi. Anagonekedwa m'chipatala mu Meyi chaka chino. Kuchokera kuyunivesite amene ankabwera anali ophunzira okha ndi aphunzitsi anzawo ochepa, ena oyenda pansi. Magalimoto amene adzaza msewu lerowa njira ya kuchipatala sankaidziwa. Malemu anatisiya pa 9 Julayi 2024, dzanja lawo lili m'manja mwa alamu.

Mwina mukudabwa kuti anthu amene anataya mabokosi m'madzi awakumbukira bwanji lero. Nafenso tinafunsa. Akuti mwezi wamawa kukubwera opereka thandizo, ndipo asanatulutse kanthu akufuna kuona ngati kuyunivesiteko kuli kafukufuku woyenera kumumangira nyumba. Mabwana atasuzumira m'zipinda zawo apeza mulibe choonetsa kupatula kanyumba ka makatoni ndi miyala iwiri m'udzu. Ndiye akufuna mabokosi akayalidwe mu holo tsiku limodzi, dzina la malemu lili pa chikwangwani, n'kuika mwala wachitatu. Alamu anafunsa kuti alendowo akapita mabokosi akagona kuti. Anayankhidwa kuti komiti iona.

Malemu ankawadziwa anthu awo. Kutatsala pang'ono kuti atisiye, anachotsa chopumira kukamwa n'kuuza alamu, ine ndili pomwepo, kuti: "Adzabwera kudzawapempha. Musadzawapatse chilimwe. Adzakuonetseni nyumbayo mvula ikugwa."

Yankho la banja ndi limenelo, ndipo sitionjezerapo kapena kuchotsapo. Mabokosi sachoka pakhomo pano. Wophunzira aliyense, mlangizi aliyense, khomo ndi lotsegula monga kale, ndipo mmodzi wa ophunzira a malemu amene tsopano ndi mphunzitsi wavomera kumabwera kudzakhala pakhondepo. Opereka thandizowo ngati akufuna kuona kafukufuku, abwere nawo kuno, tidzawayalira mipando, ndipo tidzawaonetsanso njira ya kugalaja. Tsiku limene nyumba yanu idzaime, mudzatume munthu mwezi wa Januwale. Alamu adzapita, adzakhala mkatimo mvula yonse mpaka itakata, ndipo akadzatuluka malaya ali ouma, adzanyamula okha mabokosiwo kukawaika m'mashelefu.

Za dzina, ayi. Banja lino linaferedwa kale dzina limodzi m'manja mwanu, ndipo lachiwiri sitikupatsani kuti likaime m'udzu anyamata aziyanikapo masokosi. Mudzamange kaye. Dzina silithawa, ndipo mwini wake sapitanso kulikonse.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, wamkazi mmodzi ndi aamuna awiri, zidzukulu zisanu, ndi ife abale awo atatu, poti mmodzi anatsogola. Asiyanso ophunzira osawerengeka, amene ena mwa iwo agona panja pano kuyambira tsiku loyamba. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mopanda kunyinyirika, ampingo, anansi amene asenza nafe zonse, amayi amene sanachoke kukhitchini, ndi akalipentala anzawo a alamu amene akhoma bokosi limene malemu agonamoli. Alamu analiyendera okha ndi chala m'mbali monse, ndipo akuti chivundikiro chake eni ake sakanachibweza. Ayunivesite tikukuthokozani chifukwa cha nkhata. Ndi yaikulu, aliyense waiona.

Pomaliza ndithokoze anyamata amene apita kumanda m'mawa uno ndi makasu ndi mapiki. Sanakhale pa komiti, sanaitane oimba malipenga, koma pamene dzuwa limakwera anatuma uthenga kuti nyumba yatha. Achemwali, munalonjezedwa chipinda muli ndi mphamvu zanu, mwadikira mpaka mpweya kukutherani. Lero tikukuperekezani ku chipinda chimene palibe adzakutulutsenimo kuti akufuna kukonza. Mabokosi anu ali pouma, makiyi ali ndi amuna anu. Mukawapeza mayi muwauze kuti munayesetsa.

Mzimu wanu uuse mumtendere.